Malamulo a ku America oyamba pa 1 Januwale 2026 aja: anu ndi ati, a eni ake ndi ati?

Funso la kumapeto kwa 2025 lochokera kwa mayi wina wa ku Malawi amene akukhala ku South Bend, Indiana: "Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Mwezi uno pagulu lathu la WhatsApp pakuyenda mndandanda wa malamulo atsopano a ku America oyamba pa 1 Januwale 2026. Akuti malipiro akukwera kufika $15 pa ola, ena akuti $17. Akuti ukadwala uzilipidwa uli kunyumba. Akutinso potumiza ndalama kumudzi tizidulidwa 5%. Msuweni wanga wa ku Michigan akuti kwawo n'zoona, koma abwana anga akuti sakudziwapo kanthu. Akunama ndani?"

Zikomo mayi. Msuweni wanu sakunama, ndipo abwana anunso sakunama. Wolakwa ndi amene anasonkhanitsa mndandanda uja, chifukwa anatola malamulo a ma state osiyanasiyana n'kuwathira m'thumba limodzi, pamwamba n'kulembapo kuti "a ku America". Pa zinthu zitatu mwatchulazo, ziwiri sizikufikirani bola mukugwira ntchito ku Indiana. Chachitatucho chikukukhudzani, koma nambala yake si imene mwamvayo.

Ife obadwira kwathu timasokonezeka pamalo amodzimodzi, ndipo si chifukwa cha umbuli. Kwathu lamulo limachokera khomo limodzi. Aphungu akavomereza bilu ku Lilongwe, pulezidenti n'kusaina, lamulolo n'kusindikizidwa mu Gazette, tsiku limene layamba kugwira ntchito limagwira chimodzimodzi ku Nsanje ndi ku Chitipa. Ndiye tikamva mawu oti state timaganiza za chigawo, ngati Chigawo cha Pakati kapena cha Kumwera. Koma Chigawo cha Pakati chilibe aphungu akeake, chilibe khoti lakelake lalikulu, sichitolera msonkho wake. Indiana ili nazo zonsezi. Ili ndi malamulo ake aakulu oyendetsera boma, nyumba ya malamulo ku Indianapolis ya aphungu 100 ndi masenata 50, gavana wake amene panopa ndi Mike Braun, makhoti ake, apolisi ake. Michigan ili ndi zake ku Lansing, Illinois zake ku Springfield, ndipo zili choncho m'ma state onse 50. Kuyambira 1791 malamulo aakulu a dzikolo amanena kuti mphamvu iliyonse imene sinaperekedwe ku boma la federal, lolamulira dziko lonse kuchokera ku Washington, imatsala m'manja mwa ma state kapena mwa anthu. N'chifukwa chake layisensi yoyendetsera galimoto, ukwati ndi chisudzulo, lendi ya nyumba, sukulu za ana ndi milandu yambiri ya tsiku ndi tsiku zimayendera state imene muli. Boma la ku Washington limagwira zina: mapepala olowera ndi kukhalira m'dziko, asilikali, ndalama ya dola, ndi msonkho wake umene mumauona pa pay stub panu, kapepala kosonyeza malipiro anu ndi zimene zadulidwa.

Tiyambe ndi malipiro, poti ndi amene akutenthetsa gulu lanu.

Boma la federal linaika mlingo woti wolembedwa ntchito asalandire zochepera pamenepo, ndipo mlingowo ndi $7.25 pa ola. Unafika pamenepo mu Julayi 2009 ndipo sunasunthenso. State iliyonse ili ndi ufulu woika wake wokwererapo, ndipo pamene milingo iwiri yasiyana, bwana ayenera kulipira wokwerawo. Ma state pafupifupi 30 anakweza. Ena pafupifupi 20 anangokhala pa $7.25, ndipo Indiana ili m'gulu limeneli pamodzi ndi Texas, Pennsylvania, Wisconsin ndi North Carolina. Alabama, Louisiana, Mississippi, South Carolina ndi Tennessee alibe n'komwe lamulo lawo la malipiro, amangodalira la federal lija.

Manambala a pa mndandanda wanu ndi enieni a Januwale 2026, kungoti ndi a kwina. $17 ija ndi ya mzinda wa New York ndi madera ouzungulira, pomwe mbali yotsala ya New York ikupita pa $16. State ya Washington, kumene kuli Seattle, ikufika pa $17.13, California pa $16.90. $15 ija ndi ya Missouri ndi Nebraska, amene akufikapo pa 1 Januwale 2026 pomwepo. Illinois, oyandikana nanu kumadzulo, anafika kale pa $15 mu Januwale 2025, ndipo mzinda wa Chicago uli ndi mlingo wakewake, umene mu Julayi 2025 unafika pa $16.60 ndipo umasintha pa 1 Julayi, osati Januwale. Msuweni wanu ku Michigan akuchoka pa $12.48 kupita pa $13.73, ndipo adzafika pa $15 mu Januwale 2027.

Taonani mmene zimakhalira pafupi. Kuchoka ku South Bend kukafika ku Niles, Michigan, ndi ulendo wa mphindi ngati 20 pa galimoto. Munthu wolandira malipiro otsikitsitsa akagwira maola 40 mbali yanu ya malire, pa sabata amapeza $290 asanadulidwe msonkho. Mnzake wogwira ntchito yomweyo, maola omwewo, kungowoloka chikwangwani cholembedwa Michigan, kuyambira Januwale 2026 azipeza $549.20. Mungafunse kuti nanga bwanji khonsolo ya South Bend osangokweza yokha ngati Chicago. Singathe, chifukwa lamulo la Indiana limaletsa mizinda ndi makaunti kuika mlingo wawo woposa wa state. Illinois imalola, Indiana silola. Nayonso ndi nkhani ya state.

Ndikudziwa kuti inu osamalira okalamba nthawi zambiri mumalandira kale zoposa milingo imeneyi, chifukwa ntchitoyo ndi yolemetsa ndipo anthu oigwira ndi osowa. Choncho ngakhale mukanakhala ku Michigan, lamulo latsopanoli silikanakakamiza abwana kukuwonjezerani ngati muli kale pamwamba pa $13.73. Lamuloli limangokweza pansi. Chimene limachita kwa inu ndi kukupatsani poyambira kukambirana: ngati nyumba za tsidya la malire zikukakamizika kukweza, abwana anu akudziwa kuti antchito awo ali ndi galimoto ndipo msewu ndi waufupi. Imeneyo ndi mphamvu ya pamsika, si ya khoti, ndipo muigwiritse ntchito mwaulemu koma mosachita manyazi.

Pali mfundo ina imene anthu athu ambiri amaiphonya. Lamulo la malipiro limatsata kumene mukugwirira ntchito, osati kumene mukugona. Mukapeza ntchito ku Niles koma n'kumagona ku South Bend, malamulo a Michigan a malipiro ndi a tchuthi chodwalira ndi anu. Msonkho wa state ndiye umayenda mwina. Indiana ndi Michigan anagwirizana kuti munthu wokhala mbali ina n'kumagwira ntchito mbali inayo azilipira msonkho wa pa malipiro ake ku state imene amakhala, ndipo pali fomu yoti mudzaze kuntchito kuti asamakuduleni wa Michigan. Indiana ili ndi mgwirizano womwewo ndi Kentucky, Ohio, Pennsylvania ndi Wisconsin, koma ndi Illinois ilibe. Wogwira ntchito ku Chicago akugona ku Indiana amadzaza mafomu a msonkho a ma state onse awiri. Komanso zonsezi zikunena za munthu wolembedwa ntchito, amene kumayambiriro kwa chaka amalandira fomu ya W-2. Ngati amakupatsani 1099, ndiye kuti pamapepala akukutengani ngati wodzilemba nokha ntchito, ndipo malamulo a malipiro otsikitsitsa ndi ovataimu sakutetezani. Mabwana ena amagwiritsa ntchito 1099 molakwika pa anthu amene amawauza nthawi yolowa, yotuluka ndi chochita chilichonse. Ngati inu muli choncho, imeneyo ndi nkhani yofunika kuifufuza kuposa mndandanda wonse wa pa WhatsApp.

Za tchuthi chodwalira ndiyankha mwachidule, chifukwa yankho lake la ku Indiana ndi lalifupi: palibe lamulo lokakamiza bwana kukulipirani tsiku limene mwadwala. Ngati kuntchito kwanu amapereka, ndi mwa kufuna kwawo kapena mwa mgwirizano umene munasainirana. Lamulo la federal la 1993 limapatsa munthu masabata 12 pa chaka oti adwale, adwazike kapena alere khanda osachotsedwa ntchito, koma osalipidwa, ndipo limagwira pa makampani a antchito 50 kapena kuposa, kwa munthu amene wagwirapo chaka chathunthu ndi maola 1,250. Ku Michigan, kuyambira Febuluwale 2025, wantchito amapeza ola limodzi lodwalira lolipidwa pa maola 30 aliwonse amene wagwira. Ku Illinois kuyambira 2024 amapeza mpaka maola 40 pa chaka oti apume pa chifukwa chilichonse. Chatsopano chenicheni cha 1 Januwale 2026 chili ku Minnesota, kumene kukuyamba thumba la state lolipira munthu gawo la malipiro ake kwa masabata ofika 12 akadwala, 12 posamalira wachibale kapena mwana wobadwa kumene, koma osapitirira 20 pa chaka akaphatikiza. Ndikukhulupirira kuti mzere umene munauwerenga pagulu paja unachokera kumeneko.

Mwina mukudabwa kuti n'chifukwa chiyani ma state ngati Missouri, Nebraska ndi Florida, amene andale ake sasiyana kwenikweni ndi a ku Indiana, anakweza malipiro pomwe Indiana sinakweze. Yankho lili pa njira imene lamulo limabadwira. M'ma state pafupifupi theka, anthu wamba angathe kusonkhanitsa masiginecha okwanira n'kuika funso pa pepala lovotera, aphungu afune asafune. Ku Florida anatero mu 2020, malipiro anafika $10 mu 2021, ndipo kuyambira pamenepo akhala akukwera ndi dola imodzi pa 30 Sepitembala chaka chilichonse, mpaka adzafike $15 mu 2026. Ku Nebraska anavota mu 2022, ku Missouri mu 2024. Ku Indiana khomo limeneli kulibe. Lamulo lililonse liyenera kudzera kwa aphungu, ndipo aphungu a kumeneko sanafune.

Koma ngakhale lamulo lovoteredwa ndi anthu silikhala pamwala. Nkhani ziwiri izi ndimazikonda chifukwa zimasonyeza chifukwa chimene mndandanda wolembedwa mu Novembala ungakhale utatha ntchito pofika Januwale. Ku Michigan, mu 2018, anthu anasonkhanitsa masiginecha ofuna kukweza malipiro ndi kukhazikitsa tchuthi chodwalira. Aphungu anachenjera: anavomereza okha mabiluwo chisankho chisanafike kuti asapite pa pepala lovotera, ndiye chisankho chitangodutsa n'kuwafoola. Mlandu unatenga zaka, mpaka mu Julayi 2024 khoti lalikulu la Michigan linagamula kuti zimenezo zinali zosemphana ndi malamulo aakulu a state, n'kulamula kuti malamulo oyambirira aja ayambe pa 21 Febuluwale 2025. Tsikulo litangotsala pang'ono, aphungu anagwirizananso zina, gavana Gretchen Whitmer n'kusaina, ndipo $13.73 ya msuweni wanu inachokera pa mgwirizano wothamangira umenewo. Ku Missouri zinayenda mobwerera. Anthu anavotera malipiro okwera ndi tchuthi chodwalira mu Novembala 2024, tchuthicho chinayamba pa 1 Meyi 2025, aphungu n'kuchichotsa, gavana Mike Kehoe n'kusaina, ndipo pa 28 Ogasiti chaka chomwecho chinatha. Chinakhala miyezi inayi yosakwana. $15 ija inapulumuka, koma aphungu anachotsa gawo loti malipiro azikwera okha chaka ndi chaka motsatira kukwera mitengo kwa zinthu.

Makhoti nawonso amaimitsa malamulo, ndipo kwa ife a ku Malawi mawu oti chiletso si achilendo. Lamulo la state lingasainidwe, tsiku loyambira n'kulengezedwa, nyuzipepala n'kulemba, kenaka woweruza wa federal n'kuliimitsa kutatsala masiku ochepa. Zimachitika kawirikawiri pa malamulo okhudza alendo olowa m'dziko, chifukwa imeneyo ndi mbali ya boma la federal. Arizona inapanga lamulo lokhwima lotero mu 2010, ndipo mu 2012 khoti lalikulu la dziko lonse linagwetsa zigawo zitatu mwa zinayi zimene zinatsutsidwa.

Tsopano za tsiku lenilenilo. Anthu amaganiza kuti 1 Januwale ndi tsiku la malamulo atsopano ku America konse. Ayi. Limamveka kwambiri chifukwa ndilo tsiku la California ndi Illinois, ma state aakulu amene amapanga malamulo mazanamazana chaka chilichonse ndipo atolankhani amawalemba kwambiri. Ku Indiana tsiku lanu lalikulu ndi 1 Julayi. Aphungu amakumana m'miyezi yoyambirira ya chaka, n'kutseka pofika kumapeto kwa Epulo m'zaka zopanga bajeti kapena pakati pa Malichi m'zaka zinazo, ndipo zambiri zimene avomereza zimayamba mu Julayi. Lamulo loletsa kugwira foni m'manja mukuyendetsa galimoto, mwachitsanzo, linayamba pa 1 Julayi 2020. Virginia nayo ndi Julayi. Maryland ndi Connecticut amakonda 1 Okutobala, Missouri 28 Ogasiti. Ku Texas aphungu amakumana kamodzi pa zaka ziwiri, kwa masiku 140, ndipo malamulo awo ambiri amayamba pa 1 Sepitembala. Nthawi zinanso tsiku loyamba lamulo silikhala tsiku loyamba chilango. Ku Iowa lamulo la foni pa chiwongolero linayamba mu Julayi 2025, koma kwa miyezi isanu ndi umodzi apolisi ankangochenjeza, ndipo chindapusa chikuyamba pa 1 Januwale 2026. Woyendetsa thiraki wodutsa kumeneko adziwiretu.

Nanga ku Indiana kulibe chilichonse pa 1 Januwale 2026? Zilipo, kungoti sizokoma kuzitumiza pa WhatsApp. Msonkho wa state wa pa malipiro ukutsika kuchoka pa 3% kufika pa 2.95%, ndipo udzatsikanso kufika 2.9% mu 2027. Musagule nkhuku yachikondwerero: pa $3,000 ya pamwezi kusiyana kwake ndi $1.50. Pamwamba pa umenewo pali msonkho wa kaunti, umene kaunti iliyonse imaika wake ndipo ungasinthe payokha. Chachiwiri ndi lamulo loteteza zinsinsi za ogula, limene aphungu analivomereza mu 2023 koma n'kupatsa makampani nthawi yokonzekera mpaka 1 Januwale 2026. Likupatsani ufulu wofunsa kampani yaikulu kuti ikusunga chiyani chokhudza inu, woiuza ikonze zolakwika kapena ifufute, ndi wokana kuti izigulitsa. Kampani ikaphwanya, simungaisumire nokha pa lamulo limeneli. Dandaulo limapita ku ofesi ya Attorney General, loya wamkulu wa boma la state. Kentucky ndi Rhode Island akuyamba malamulo ofanana nalo tsiku lomwelo.

Tifike pa ndalama zotumiza kumudzi, chifukwa apa pokha ndi pamene mndandanda wanu wakhudza thumba la aliyense, kaya ali ku Indiana, ku Texas kapena ku Seattle. Limeneli si lamulo la state. Ndi la federal, lili m'kati mwa lamulo lalikulu la misonkho limene pulezidenti Donald Trump anasaina pa 4 Julayi 2025. Pamene biluyo inkayamba, nambala inalidi 5%. Nyumba ya aphungu inatsitsa kufika 3.5%, ndipo potuluka ku Senate inali 1%. Amene analemba uthenga wanu anakopera nkhani yakale. Chimene chikuyamba pa 1 Januwale 2026 ndi msonkho wa 1% pa ndalama zotumizidwa kunja, ndipo ukugwira pokhapokha mwapereka kashi, money order, cashier's check kapena pepala lina lotero. Ndalama zikachokera mu akaunti yanu ya kubanki ya ku America, kapena mwalipira ndi khadi ya debit kapena credit yoperekedwa ku America, msonkhowu sukukhudzani. Choncho mayi amene amalandira cheke Lachisanu, n'kukachisintha kukhala kashi, n'kupita pa kauntala ya m'sitolo kukatumiza $300 ya feteleza kapena fizi, aziwonjezera $3 pamwamba pa zimene kampani yotumizayo imadula kale. Mnzake wotumiza $300 yomweyo pa foni kuchokera mu akaunti sawonjezera kanthu. $3 ndi yochepa, koma kwa munthu wotumiza mwezi ndi mwezi ndi chifukwa chinanso chotsegulira akaunti. Ndipo zilibe kanthu kuti muli ndi mapepala amtundu wanji. Ngakhale nzika yolipira kashi ikudulidwa. Ku Oklahoma kwakhala kale chindapusa cha state pa ndalama zotumiza, kuyambira 2009.

Pali chinthu china chimene simunafunse koma sindingachisiye, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Kusiyana kwa malamulo a ma state pa malipiro kumangokudyerani ndalama. Pa nkhani ya chamba kungakudyereni mapepala. Michigan inaloleza chamba kwa akuluakulu mu 2018, Illinois kuyambira 1 Januwale 2020, Ohio mu 2023. Indiana yachita malire ndi ma state atatu onsewa koma iyo sinalole, ndipo kupezeka nacho ngakhale pang'ono ndi mlandu woti munthu angakhale m'ndende mpaka masiku 180 ndi kulipira mpaka $1,000. Mukangowoloka kulowa Michigan mumayamba kuona masitolo ake, oyera bwino ngati famase, okhala ndi mlonda pakhomo wopempha chitupa, ndipo wogula amatuluka ndi kathumba kosindikizidwa ndi lisiti yake. Mnyamata wobwera kumene kudzaphunzira akaona zimenezo amaganiza kuti boma lalola. Lalola ndi boma la Michigan. Kathumba komweko kakakhala m'galimoto mphindi khumi kulowera kumwera kasanduka umboni. Choopsa kwambiri n'chakuti lamulo la federal limachiletsabe, ndipo visa, green card (chilolezo chokhazikika m'dzikomo) ndi unzika zonse zili m'manja mwa federal. Munthu amene si nzika angakanizidwe green card chifukwa chongovomera pamaso pa ofisala kuti anasutapo, ngakhale sanamangidwepo, ngakhale anasutira kumene state imalola. Mu 2019 ofesi yoona za unzika inanena poyera kuti ngakhale kugwira ntchito m'sitolo yachamba yovomerezeka ndi state kungalepheretse munthu kulandira unzika. Mnzanu wobadwira ku America angachite zimenezo osaopa kanthu. Inu ndi ana anu amene sanakhale nzika, chilolezo cha state sichikutchinjirizani kwa federal. Uzani achinyamata a pagulu lanu mosapsatira.

Za layisensi yoyendetsera galimoto zilinso chimodzimodzi, kungoti apa ma state ndi amene amasemphana okhaokha. Illinois, California, Minnesota ndi ena amapereka layisensi kwa munthu wopanda mapepala okhalira m'dziko. Indiana ndi Michigan sapereka. Florida inapita patali: lamulo lake limene linayamba pa 1 Julayi 2023 limakana malayisensi a ma state ena amene amaperekedwa kwa opanda mapepala okha, ndipo limakakamiza makampani a antchito 25 kapena kuposa kufufuza wolembedwa ntchito aliyense watsopano pa E-Verify, njira ya pa intaneti ya boma la federal yoonera ngati munthu ali ndi chilolezo chogwira ntchito. Munthu wosamuka state asamangofunsa za lendi ndi nyengo yozizira.

Mungadzitsimikizire bwanji nokha mndandanda wina ukadzabweranso? Funsani mafunso atatu pa mzere uliwonse: lamuloli ndi la state iti, nambala ya bilu yake ndi chiyani, ndipo likuyamba liti. Uthenga wosatchula state ndi wongotaya. Mukapeza nambala, ilembeni pa webusayiti ya nyumba ya malamulo ya state imeneyo. Ya Indiana ndi yosavuta, chifukwa chigawo chilichonse cha bilu chimayamba ndi tsiku lake loyambira lolembedwa m'zilembo zikuluzikulu, ndipo mudzaona kuti bilu imodzi ingakhale ndi masiku awiri kapena atatu osiyana. Onaninso ngati gavana anasaina, chifukwa mabilu ambiri amene amatchuka pa Facebook amafera m'komiti osafika n'komwe pa tebulo lake. Chingerezi cha mabilu ndi chouma, sindikana, koma pamwamba pake pamakhala chidule cha ndime imodzi chimene munthu aliyense wowerenga malangizo a mankhwala a odwala ake angachimve.

Njira yapafupi kwambiri ili kuntchito kwanu komweko. M'chipinda chimene mumadyera nkhomaliro, nthawi zambiri pafupi ndi mayikulowevu kapena makina odindira nthawi, pamakhala chipepala chachikulu chokutidwa ndi pulasitiki chimene aliyense amachidutsa osachiwerenga. Lamulo limakakamiza bwana kuchipachika. Pamenepo palembedwa mlingo wa malipiro wa federal ndi wa Indiana, lamulo la ovataimu loti maola opitirira 40 pa sabata alipidwe kamodzi ndi theka, ndi nambala ya foni ya ofesi ya zantchito. Kuntchito kwa msuweni wanu chipepala chimenecho chisinthidwa mu Januwale. Kwanu nambala ya $7.25 ikhala yomweyo.

Pay stub yoyamba ya Januwale ikabwera, iyikeni pambali pa yomaliza ya Disembala. Mzere wa malipiro a pa ola ukhala womwewo pokhapokha abwana atakukwezerani mwa kufuna kwawo. Mzere wa msonkho wa Indiana utsike pang'ono kwambiri. Muwerengenso maola a ovataimu a masabata a Khirisimasi, poti nyumba zosamalira okalamba sizitseka ndipo ndi nyengo imene mashifiti amachulukana. Mukapeza kuti maola ena sanalipidwe, lembani tsiku ndi nthawi pa pepala lanu, funsani ku ofesi yolipira mwa kalata kapena imelo kuti pakhale umboni, ndipo akapanda kukonza, ofesi ya zantchito ya state, Indiana Department of Labor, imalandira madandaulo a malipiro osaperekedwa, ndipo fomu yake ndi yaulere.